Maondo Anga Tsiku Lokapereka Mdzukulu ku Murambi

Nyamakazi inandiyamba tidakali ku famu, m'shedi mosankhira fodya, momwe tinkakhala pa simenti yozizira tsiku lonse. Inadzakula titachoka ku famuko, nthawi ija minda inkagawidwa, ife n'kudzagwera kuno ku Mutare, m'Zimbabwe momwemuno. Pofika chaka ndikunenachi, tili ku komboni ya Gimboki, maondo anga anali atatupa ngati maungu. Kukhala pansi ndinkatha, nditagwira mphuthu ya chitseko. Kudzuka ndiye ayi. Wondidzutsa anali mdzukulu wanga wamkazi, amene ndinamulera mayi ake atamwalira. Ankabwera kumbuyo kwanga, n'kulowetsa manja m'khwapamu, n'kumati, "Agogo, handei, dzukani," poti Chichewa chake n'chosakaniza ndi Chishona.

Ndiye mwanayu anapeza mwamuna, Mshona, kwawo ku Murambi kumtunda kuja, kwa nyumba za mipanda italiitali. Zolowola anayendetsa ndi malume ake, mwana wanga wamwamuna wokhala ku Florida, dera la konkuno ku Mutare, ndipo zinatha bwino. Chinatsala n'kukamupereka mtsikana kwa apongozi ake. Kwa Ashona ntchito imeneyi ndi ya tete, mlongo wa bambo a mwana. Nanga ife tete tikanamutenga kuti? Anthu a ku famu tinabalalika ngati anapiye oona kabawi. Mwana wanga anangoti, "Amayi, mupita ndinu."

Ndinakafunsa kwa mnzanga woyandikana naye nyumba, mayi wa Chishona wogulitsa matimati. Anati mkwatibwi, amene iwo amati muroora, amafundidwa nsalu kuyambira kumutu, salankhula, sagwedezeka mpaka eni nyumba apereke ndalama n'kumuvundukula. Womuperekayo amalowa chogwada, n'kuomba m'manja, kenako n'kudzuka kukakhala pomwe amulozera.

"Nanga munthu akalephera?" ndinafunsa.

Anayang'ana maondo anga, n'kuyang'ana kumbali. "Aa, ambuya, mukuwadziwa anthu pakamwa."

Ndinkawadziwadi. Mabwidi. Liwu limeneli ndalimva kuyambira ndili kamtsikana, kuti ife a ku Malawi ndife anthu opanda mudzi, opanda mwambo. Ine khungu langa linalizolowera. Koma mwana uja akanalisenza m'nyumba imeneyo moyo wake wonse. Akaswa kapu, mwana wa ku komboni. Akapsereza ndiwo, nanga simunaone agogo ake, ngakhale kugwada sadziwa?

Mwana wanga anati, "Tingowauza kuti mumadwala miyendo."

"Iwe," ndinatero, "adzati apeza ponamizira. Ndigwada basi."

Ndinapita ku kiliniki. Namwino anandipatsa mapilitsi, n'kundiuza kuti ndiziyenda pang'ono tsiku lililonse, ndichepetse shuga ndi zamafuta kuti thupi lipepuke, ndizithowa maondo ndi madzi ofunda, ndisiye kukhala pansi. Pomaliza anati, "Ndipo gogo, zogwadagwada musiye." Ndinangoti zikomo. Ndikanamuuza chiyani mwana wa eni?

Zina zonsezo ndinachita. Tiyi ndinkamwa wopanda shuga, wa jinja, nkhope itakwinyika. Mafatikuku, mandasi akuno amene ndimawakonda ngati mwana, ndinasiya. M'mawa dzuwa likafunda ndinkatenga ndodo n'kuyenda mpaka pa chitsime, osatunga, kungokagwira mpope n'kubwerera, amayi a pamzere n'kumandiseka kuti ambuya ayamba maseweru a azungu. Madzulo mdzukulu ankawiritsa masamba a bulugamu, n'kumandithowa ndi kansalu mpaka khungu kufiira. Ndinakumbukiranso za amayi anga: nsatsi. Zimamera zokha kudzala. Ndinakazinga, kusinja, kuwiritsa, n'kuwengula mafuta m'kabotolo, n'kumadzola m'maondo mochita kusisita. Ameneyu ndi mankhwala odzola okha, samwedwa.

Sindinama, zinathandiza. Kutupa kunaphwa, m'mawa ndinkatha kuwongola miyendo osalira. Ndinayamba kuyeserera kugwada pa mphasa panja, pa dothi. Kutsika ndinkatsika bwinobwino. Ndikaomba m'manja, mwana uja n'kubwera kumbuyo, "Agogo, handei." Tinkachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo palibe mwa awirife amene anaganizapo kuti tsiku lenilenilo wondidzutsayo adzakhala ali kuti.

Tsikulo linali la chisanu, chija cha ku Mutare chotsika m'mapiri. Maondo anadzuka ouma. Ndi mantha ndinathira mafuta a nsatsi, osati kudzola ayi, kuthira, mpaka kuyenderera m'miyendo, n'kuphimba ndi chitenje. Tinafika ku Murambi dzuwa litapendeka, ine ndi mnzanga wa matimati uja, mwana ali pakati titamufunda nsalu. Pageti anatilandira ndi nthungululu. Mtima wanga unkagunda ngati mtondo wa anthu awiri.

Chitseko chitatseguka ndinaona chimene sindinachiganizire. Munalibe mphasa. Munali matailosi oyera, onyezimira ngati mbale, chipinda chachikulu, anthu atakhala m'mipando kuzungulira khoma. Pakati pawo panali tete wa mkamwini, mayi wamkulu thupi, wa magalasi, amene ankayendetsa zonse.

Tinamukhazika mwana. Ine ndinatsika, bondo ili, kenako ili. Kuzizira kwa pansipo kunalowa m'mafupa ngati singano. Ndinaomba m'manja, ndinapereka moni m'Chishona changa cha ku famu, anayankha. Tete uja analoza mpando, "Dzukani mukhale apa, ambuya."

Ndinadikira manja m'khwapa. Sanabwere. Mpamene ndinakumbukira kuti wondidzutsa ndi uyu ali pansi pa nsaluyu, amene saloledwa ngakhale kutsokomola.

Ndinaponda phazi limodzi kuti ndidzikankhe. Chitenje chinali chitanyowa mafuta, bondo linalo linatsetsereka, ine n'kugwira pansi ndi manja. Ndinayesanso, linatsetserekanso, kusiya mzere wa mafuta pa matailosi a eni. Mnzanga anandikoka dzanja, ululu unandibaya m'phewa, ndinakuwa. Kamwana kena kanaseka, wina n'kukatseka pakamwa. Ndinali chokwawa ngati mbuzi pamaso pa apongozi a mdzukulu wanga, ndipo ndinkangodikira liwu lija kuti lituluke pakona iti.

Kenako ndinamva nsalu ikugwa. Manja analowa m'khwapa mwanga. "Agogo, handei." Mkwatibwi anali atadzivundukula yekha! Anandiimiritsa, kundiyendetsa, kundikhazika pa mpando, n'kubwerera kukagwada pamalo pake, mutu uli pamtunda. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Miyezi yonse ija ndinkaopa kuti ndiphwanya mwambo ndine, lero wauphwanya mwana chifukwa cha ine.

Tete uja anavula magalasi. Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Ndiye anati, "Hezvo, muroora wadzivundukula yekha. Ndalama yovundukulira yapulumuka, abale." Anthu anaseka, koma ine sindinadziwe ngati n'kuseka kwabwino. Kenako anafunsa, "Iwe muroora, kunyamula munthu chotere unaphunzira kuti?"

"Ndimawadzutsa tsiku lililonse, tete," anayankha motsitsa mawu.

Tete anatembenukira kwa ine. Anati mchimwene wake, bambo a mkamwini, ali kuchipinda, anafa ziwalo mbali imodzi, n'chifukwa sitinawaone. Anyamata akamawadzutsa amawakoka manja ngati thumba la chimanga, iwo n'kumalira. "Mfundeninso nsaluyo," anatero, "timuvundukule bwino ngati anthu. Wina abweretse chopukutira, ambuya angatigwetse tonse." Anamufundanso, nthungululu n'kulira.

Ku Gimboki ndinabwerera popanda mdzukulu, m'nyumba n'kutsala ndekha. Mwana wanga anamanga chingwe pa mtanda wa denga, pafupi ndi bedi, ndicho ndimadzikokera podzuka. Pansi sindikhalanso, ndimaopa kuti ndingakhalire pomwepo mpaka wina adzandipeze. Kuyenda sindinasiye, kuthowa ndimadzithowa ndekha, nsatsi ndimadzola pang'ono.

Mdzukulu amabwera Lamlungu, manja akununkha mankhwala a apongozi ake. Tsiku lina akundisisita maondo ndinamufunsa ngati liwu lija analimvapo m'nyumbamo. Anati kamodzi, kwa mlendo wina wobwera kudzazonda odwala, ndipo tete anamuuza mlendoyo kuti apite kuchipinda akawadzutse yekha bambo odwalawo, tione mwambo wake.