Chinangwa cha Masiku Awiri

Ndiulule uchitsiru wanga. Mwana wanga wamkazi atalembedwa ntchito yophunzitsa kemisitile ku koleji ya kumtunda, ine ndinkauza anthu ku Chipyela kuti ndabala sing'anga wa pamalipiro, wongofukiza utsi m'mabotolo ana a eni n'kumaombera m'manja. Ndinalekeza Sitandade 4, musandiseke kwambiri.

Pa holide ina anatsika sitima pachilumba pathu pano ndi chikatoni cha mapepala a mayeso.

"Nanga sunabwere kudzapuma?"

"Ababa, m'mawa ndichonge awa, masana kafukufuku. Kwathu kuntchito kuphunzitsa kokha sikukwana."

Kafukufukuyo anali wopempha ufa wa kondowole khomo ndi khomo, kuno ku Yofu mpaka ku Mbungo, supuni imodzi basi. Ine ndinkamunyamulira chikwama, ndikuuza azimayi kuti aprofesa afika, ufa wawathera.

Ufawo ankauthira m'timabotolo, kudonthezera madzi, kuikamo kapepala kachikasu n'kutseka. Kukacha, mapepala ena ali chikasu chomwecho, ena ada ngati dothi la katondo.

"Awa adawa alakwa mayeso?"

Sanaseke. Anati chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo chimafuna masiku anayi kapena asanu m'madzi. Ukachivuula msanga, poizoniyo amatsalira mu ufa. Mwana akadya wotere masabata angapo, ndiwo zili zosowa, tsiku lina amadzuka miyendo itauma, n'kumayenda chonyang'ama moyo wake wonse.

Amayi ake ankapeta pakhonde. Lichero linaima.

Tinali ndi mwana wamwamuna, woyamba. Chaka china cha njala, ine ndili ku Joni, anadzuka miyendo itauma chomwecho, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ankayenda ndi ndodo ziwiri mpaka anatisiya asanamere ndevu. Mlongo wakeyu anabadwa pambuyo, sakumukumbuka, ndipo tinkangomuuza kuti achimwene ake ankadwaladwala. Ine nditabwerako ndinaloza chala mkulu wina woyandikana nafe kuti ndiye anamulodza, chifukwa tinakanganapo za malire a munda. Sindinamupatsenso moni. Pamaliro ake ndinapita kukawedza.

Mpaka lero mphepo ya mwera ikamagwedeza chitseko ndimamva ndodo zija pamiyala ya kuseri, go, go, kenaka phazi kukhwekhwereza.

Mwana wamkazi uja anapitiriza kulemba manambala m'kope, akufotokoza kuti akawaonetsa ophunzira ake, kenaka alembe lipoti. Ine, wolongolola uja, ndinangoti, "Chabwino, aprofesa." Ndinafuna kufunsa amayi ake kuti chaka chija chinangwa chinkakhala masiku angati m'madzi, koma ndinangonyamula chikwama chija n'kulowa m'nyumba.

Usiku umenewo, mwana atagona, amayi ake anayankha okha ndisanafunse.

"Awiri, abambo ake. Ankalira njala, ndinkavuula tsiku lachiwiri. Mawa mumutengere mwanayu ku Mbungo, akawauze azimayi onse. Koma za achimwene ake ndimuuza ndekha, inu mukhale chete kamodzi kokha."