Utomoni wa fodya pa tabuleti

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma m'nyumba mwanga mukutuluka mphunzitsi, ee mphunzitsi weniweni! Ndi mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wachisamba, amene tikamaseleulana ndimamutcha mkazi mnzanga.

Chaka chatha a ku koleji anamutumiza kudzayeserera kuphunzitsa pasukulu ya kwathu konkuno, njira ya ku Chisemphere. Tsiku loyamba pobwerako anati, "Agogo, kusukulu kwabwera matabuleti." Ine ndinati, "Mayo! Ana onsewo akudwala chiyani?" Anaseka mpaka kugwira khoma. Si mankhwala ayi, ndi magalasi onga foni yaikulu. Mwana amalondola chilembo ndi chala, galasilo n'kumuyamikira.

Miyezi yoyamba zinkayenda, zinkayenda ngati madzi a mu Januwale. Koma fodya atakhwima, ife tayamba kuthyola ndi kusoka, mdzukulu wanga uja anayamba kubwera nkhope itagwa. Tsiku lina masana anandipeza m'chigafa ndikusoka.

"Agogo, Lachinayi kukubwera mayi wa ku koleji kudzandiyesa. Ndikalephera, chaka chonsechi chalowa m'madzi. Matabuleti aja apenga. Ana ena akakhudza amamvera, ena akakhudza chilembo chimadukira panjira. Ndatchaja, ndazimitsa, ndayatsanso, zonse zimene anatiphunzitsa ndachita."

Anatulutsa imodzi m'chikwama kuti ndione. Ndinaikapo chala, chala chija kakaka, osatsetsereka, n'kusiyapo chidindo chakuda bii. Ndinayang'ana chala, ndinayang'ana galasi, ndiye kuseka kwake!

"Mkazi mnzanga iwe, sukulu yakuiwalitsa kwanu? Uwutu ndi utomoni wa fodya! Ana akowo amayamba athyola m'mamawa asanabwere kwa iwe."

Iye sanaseke. Anayamba kutchula m'modzim'modzi ana amene matabuleti amawakana. Onse a m'minda ya fodya, ndipo omwewo ndiwo amasinza m'kalasi. Awiri anali adzukulu anga omwe, ana a malume ake, amene ndinkawadzutsa ndine kusanache. Apa kuseka kunandithera.

"Phulusa ndi ndimu," ndinatero motsitsa mawu. "Asambe m'manja bwinobwino, mayiyo sadzaona kanthu."

"Kusamba asamba, agogo, koma kubisa sindibisa. Ku koleji anatiuza kuti makinawa amaonetsa mwana amene sakudziwa kuwerenga. Ine andionetsa mwana wotopa. Ndikangotsuka zala n'kukhala chete, ndiye kuti ndikuphunzitsa galasi, mwanayo ndamusiya."

Mawu amenewo anandilasa, anandilasadi. M'mawa mwake sindinadzutse mwana aliyense. Ndinathyola ndekha, msana ukulira, mame ali m'chiuno.

Lachinayi ndinamusenzera beseni, phulusa ndi mandimu mpaka kusukulu, kenaka ndinakabisala pawindo. Ana anasamba pamzere akuimba a, e, i, o, u. Atakhala pansi, zala zija zinkatsetsereka pagalasi ngati nsomba, zilembo zikutuluka zathunthu. Mayi woyesa uja, wamagalasi m'maso, anali kumbuyo ndi cholembera.

"Aphunzitsi," anafunsa, "besenili lili pa pulani ya phunziro lanu?"

Mdzukulu wanga ananena zonse, za utomoni, za kusinza, osasiyako n'chimodzi chomwe. Mayi uja anadzuka, nagwira dzanja la kamtsikana kena, nalitembenuza, nayang'ana m'zikhadabo.

"Inenso ndinakulira pa esiteti ya fodya," anatero. Analemba, analemba, analembanso. "Mwakhoza, aphunzitsi. Nanga makolo a anawa adzawauze ndani?"

"Ndayamba kale, mayi. Ndayambira agogo anga, ndi awo ali pawindowo."

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Uku manyazi, uku chimwemwe, ndinasowa chogwira. Nthungululu inangotuluka yokha, yaitali, yosaduka, mpaka aphunzitsi aakulu anatuluka mu ofesi akuthamanga kudzaona chimene chagwa.