Nkhanu za ku Beira pa Ukwati wa Mwana wa Bwana

Ndinali nditaphika zaka zisanu ndi zinayi m'nyumba ya mzungu wina wogula thonje ku Balaka pamene mwana wake wamkazi anapeza mwamuna, mnyamata wogwira ntchito ya boma ku Zomba. Nkhondo yachiwiri ija inali itatha kale, ndipo ine ndinali bambo wa ana atatu. Kwathu kunali kwa Nsamala, mtunda wosakwana ola limodzi pa njinga. Panyumba ya mzunguyo panalibe wonditchula dzina. Bwana, dona, ngakhale mtsikanayo amene ndinkamuphikira phala ali wamng'ono, onse ankangoti Khukhi.

Tsiku lina dona anandiitanira pakhonde, pepala ndi pensulo zili m'manja. Chinyanja chawo chinali chokhotakhota koma tinkamvana. Anati tsiku la ukwati anthu akachoka kutchalitchi sadzafikira patebulo. Adzayamba aimirira pakhonde ola lathunthu, matambula ali m'manja, uku akutola tizakudya ting'onoting'ono.

"Mipando yachepa, Dona? Ndikhoza kukabwereka ku mishoni."

"Iyayi, Khukhi. Mipando ilipo. Adzaimirira dala."

Ndinadabwa. Kwathu sitidyetsa mlendo ali chilili, ndiye kuli bwanji mlendo wa paukwati. Koma zodabwitsa zinali zisanathe. Anati chakudya chachikulu cha ola limenelo chidzakhala nkhanu za m'nyanja yamchere, zimene anali ataitanitsa kale ku Beira, ndipo zidzabwera pa sitima m'bokosi la madzi oundana. Ine nkhanu ndinkazidziwa za m'mitsinje, zimene ana amaseweretsa pomanga ulusi kumwendo. Sindinaganizepo kuti munthu angazikweze sitima masiku awiri kuti akadyetse apongozi.

Sabata yonse yotsatira anandiphunzitsa kusakaniza zakumwa. Panali mowa woyera ngati madzi umene ankauthira mandimu ndi shuga, wina wofiirira wothira madzi a thovu, ndi wina wotsekemera wa amayi okalamba. Masiku amenewo lamulo silinkalola munthu wakuda kumwa mowa wa azungu. Choncho ndinkasakaniza chinthu chimene sindikanatha kuchilawa. Ndinkayeza ndi maso, kenako dona n'kulawa. Akakwinya nkhope ndinkadziwa kuti mandimu achuluka. Pofika Lachisanu ndinali nditadziwa muyeso wa chilichonse, koma mpaka lero kakomedwe kake sindikadziwa.

Bokosi lija linayenera kufika Lachiwiri la sabata ya ukwati. Linafika Lachinayi masana, chifukwa sitima inaima kwinakwake m'chigwa. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalako ku Balaka akudziwa mmene dzuwa limawombera nthawi imeneyo. Tinakalitenga pasiteshoni pa ngolo, ndipo njira yonse pansi pake pankadontha madzi.

Tsiku limenelo bambo anga anali kuseri kwa khitchini. Anabwera m'tauni kudzaonetsa diso lawo kuchipatala, ndipo ankandidikira kuti tibwerere limodzi. Iwo anachoka ku Mozambique ali mnyamata, pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo asanathawe anasenzapo akatundu mpaka kugombe la nyanja yamchere.

Nditakanula bokosilo ndinabwerera m'mbuyo. Utuchi umene anakwiriramo madzi oundana unali utasanduka phala. Mkati munali zinthu zonga dzombe lalikulu, za ndevu zazitali, miyendo yambirimbiri, maso akuda otuluka kunja. Sizinkafanana ndi nkhanu ngakhale pang'ono. Fungo lake linali lachilendo, ndipo poti ndinali ndisanazionepo, sindinadziwe ngati ndi mmene zimanunkhira.

Bambo anasendera, natola imodzi, naitembenuza. Mutu wake unangothothoka wokha.

"Uyu Apwitikizi amati kamarau," anatero. "Ndinadyapo kugombe. Wamoyo thupi lake limakhala lolimba, mutu suda chonchi. Mwanawe, izi zafa kawiri. Ukapatsa anthu, ena sadzaona Lamulungu."

Ndinakaitana dona. Anabwera, anayang'ana, nanunkhiza, ndipo ndinaona khosi lawo likufiira. Kenako anati ndizitsuke ndi viniga, ndiziwiritse kwambiri, ndithire binzali wambiri, palibe adzadziwe.

Ndinayesa ngati sindinamve bwino. Mayi amenewa ndi amene ankandiwiritsitsa madzi akumwa kawiri, amene ankatsukitsa tomato ndi mankhwala ofiira. Lero ankafuna kuti ndiphikire alendo a mwana wawo chinthu chowola.

"Dona, bambo anga akuzidziwa izi. Akuti anthu adwala."

"Bambo ako ndi dokotala?"

"Iyayi, Dona."

"Ndalembera anthu onse kuti kudzakhala nkhanu za ku Beira. Amake a mkwati akubwera. Phika."

"Sindiphika, Dona."

Mawuwo anatuluka okha. Zaka zonsezo ndinali ndisanakanepo kanthu m'nyumba imeneyo, ndipo nditawamva ndinachita mantha ngati wanena ndi munthu wina. Dona anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanakweze mawu. Anangoti ndivule epuloni ndiisiye patebulo, ndipo ndisadzapondenso pakhomo pawo.

Ndinavula. Bambo ndinawakweza panjinga, n'kubwerera kumudzi. Titafika, mkazi wanga ataona ndabwera dzuwa likadalipo, anafunsa ngati kwagwa maliro. Nditamufotokozera anakhala pansi pamkeka.

"Ndiye mwataya ntchito chifukwa cha mimba za azungu?"

Inenso funso limenelo linali m'mutu mwanga.

M'mawa mwake, ndikunola khasu poganiza kuti tsopano ndine mlimi, tinamva galimoto ikubwera m'kanjira ka ngolo. Mudzi wonse unatuluka, chifukwa galimoto inali isanafikepo kumeneko. Anali bwana. Anatsika, navula chipewa, napatsa moni bambo anga poyamba, chinthu chimene sindinawaonepo akuchitira munthu wakuda aliyense. Kenako anandiuza kuti dona anaphika okha nkhanu zitatu madzulo, nadya kuti aonetse kuti zilibe vuto. Tsopano anali gone, akusanza, ndipo adokotala a ku mishoni anali atawaona kale.

"Ukwati ndi mawa, Khukhi. Tichite chiyani?"

Ndinayang'ana kumbuyo kwanga kuti mwina akufunsa wina. Ndinati m'malo mwa nkhanuzo tiphike nsomba za mumtsinje pa Liwonde, koma tipite msanga asodzi asanagulitse zonse. Ndinkafuna kukwera kumbuyo monga mwa masiku onse, iwo anatsegula chitseko cha kutsogolo.

Tinafika padooko dzuwa litakwera. Mabwato ambiri anali atakocheza kale. Ndinapeza msodzi wina wachikulire, Mchawa wa kofia yoyera, akupala mamba pamthunzi. Ndinamulonjera, n'kumuuza kuti ndikufuna chambo chambiri ndi milamba ingapo yonona, zonse za m'mawa womwewo. Anayang'ana bwana, nayang'ana ine.

"Milamba ya mzungu, achimwene? Ngakhale ine sindidya."

"Ingondipatsani, ambuje. Sakaziona ndevu zake."

Anaseka, natuma anthu kukatenga m'mabwato amene anali akadali m'bango. Nsombazo tinazikulunga m'masamba a nthochi ndi m'masaka onyowa, ndipo bwana anathamangitsa galimoto moti fumbi linatilowa mpaka m'mano.

Tsiku lonselo ndi m'mawa wa Loweruka ndinali pambaula. Chambo ndinachichotsa minga, n'kuchidula timagawo tonga chala, kupaka ufa ndi dzira, n'kukazinga. Milamba ndinaiwamba pamoto wa zitsononkho, kenako ndinainyenya, kusakaniza ndi mandimu, batala ndi tsabola pang'ono, n'kupaka pa tibuledi towotcha. Ina ndinaiumba timipira ndi mbatata, n'kubaya timitengo ta nsungwi timene ndinasema ndekha. Palibe anandiphunzitsa zimenezi. Ndinkangoganiza kuti munthu amene dzanja lake limodzi lagwira tambula afunika chinthu cholowa m'kamwa kamodzi. Madzi oundana analipo ochepa, ochokera m'kafiriji ka parafini, choncho mabotolo ndinawaviika m'mitsuko n'kuphimba ndi masaka onyowa. Bokosi la ku Beira lija tinalikwirira kuseri kwa khola la nkhuku, dzenje lofika m'chiuno, kuti agalu asafukule.

Alendo anafika kuchokera kutchalitchi, ena a ku Zomba, ena a ku Blantyre, ndipo anaimiriradi. Mipando inali mbwee m'mbali mwa khonde, iwo ali chilili padzuwa la masana, thukuta lili kamukamu, onse akuyankhula nthawi imodzi. Ine ndinkazungulira ndi thireyi. Palibe ankandiyang'ana kumaso. Dzanja linkangotuluka, n'kutola, mwini wake akupitiriza nkhani. Amuna ena anamwa matambula anayi asanadye kanthu kolimba, ndipo mmodzi anatsamira chipilala n'kuyamba kuimba. Zonsezi zinkachitika pamaso pa apongozi.

Dona anadzuka tsiku limenelo. Anavala diresi yobiriwira, nkhope ili yotuwa, ndipo m'tambula mwawo ndinali nditawathirira madzi okha ndi kagawo ka ndimu. Ndikudutsa pafupi nawo, amake a mkwati, mayi wamtali wovala magolovesi, anatola kabuledi ka mlamba. Kanali kachinayi kapena kachisanu. Chingerezi cha kukhitchini ndinkachimva, ndipo ndinamva akufunsa kuti nsomba yokoma chonchi yachokera kuti.

"Ku Beira," anatero dona. "Yabwera pa sitima."

Ananena ine ndili pomwepo, thireyi ili m'manja. Sanaphethire n'komwe. Ndinabwerera kukhitchini n'kuima pafupi ndi mbaula kwa kanthawi, osadziwa chimene ndalowera. Sikuti ndinkafuna kuti anditame. Chinandizizimutsa ndi kuona mmene bodzalo linatulukira mosavuta, ndiponso kuti mtsinje wathu womwewu sukanatchulidwa pakhonde limenelo.

Ola litakwana belu linalira, onse analowa kukakhala patebulo. Pa mathireyi sipanatsale kanthu. Mkwatibwi yekha ndi amene anasuzumira kukhitchini asanakwere galimoto ya ku Zomba. Anandigwira dzanja, nati wamva zonse kwa bambo ake, ndipo anali atalawa timipira tiwiri ngakhale diresi inali yomuthina.

Lolemba m'mawa ndinafika pa nthawi yanga, osadziwa ngati ndikadali pantchito, chifukwa amene anandichotsa sanali amene anakanditenga. Ndinakoleza moto n'kutereka madzi. Patapita kanthawi dona analowa, akuyenda pang'onopang'ono. Anayang'ana m'kabati, nayang'ana pawindo, kenako anafunsa ngati mazira alipo. Ndinati alipo asanu ndi limodzi. Anati masana ndiphike supu wopanda mafuta, natuluka. Ndinagwiranso ntchito m'nyumba imeneyo zaka zinayi, mpaka pamene anagulitsa malowo n'kubwerera kwawo, ndipo za sabata imeneyo sitinakambiranepo ngakhale tsiku limodzi.