Ngumbi za M'nkhalango ya Mikango

Mvula yoyamba ikagwa kuno ku Nkaneng, ku Joni, fumbi la kumigodi n'kusanduka matope onunkha chitsulo, ine chimene chimandibwerera m'maso ndi mapiko a ngumbi atamatirira pagalasi la galimoto ya amalume, ndipo mtima umayambanso kuwira ngati zachitika dzulo. Chinali chaka cha 2010, sukulu ndisanaitaye. Anzanga a m'kalasi ankandiseka kuti kwathu ku Malawi timagona ndi mikango pakhonde, ndipo ine m'malo mongowasiya ndinkadzitama kuti inde, mkango ndimaudziwa kuposa iwo onse. Chilungamo chake, ndinali ndisanauonepo. Mnyamata wina dzina lake Kagiso ananena pamaso pa onse kuti ndibweretse chithunzi, apo ayi ndine wabodza. Ndinalumbira kuti Lolemba achiona.

Amalume anali tchona weniweni, anabwera ku Joni pa kontirakiti amayi anga akadali kamtsikana. Atapuma ku mgodi anagula kagalimoto kakale kamene ankakapukuta m'mawa uliwonse koma osapita nako kutali. Nditawanyengerera mlungu wathunthu, anavomera kuti Loweruka tipite ku nkhalango ya nyama kuseri kwa mapiri, kumene munthu amayendetsa yekha galimoto yake. Pageti anatiuza zinthu ziwiri: osatsika m'galimoto, ndipo dzuwa likalowa geti limatsekedwa.

Amalume ankayendetsa ngati anyamula maliro. Mbidzi anaziimira, nyumbu anaziimira, ngakhale njiri zothamanga michira ili m'mwamba anaziimira n'kumaseka okha. Akazi awo, aNabanda, ankangosankha nyama imene ingakome ndi tomato. Ine ndinali kumbuyo, foni ya amalume ili m'manja, mpando ukunditentha m'miyendo, m'galimoto mukununkha petulo ndi nkhuku yokazinga. Chipembere chinadutsa pafupi penipeni koma sindinachijambule, ndinkasungira batire mkango.

Chakumadzulo mvula inagwa mwamphamvu kenako n'kukata. Mzungu wina anaimika galimoto yake pambali pathu n'kutiuza kuti kudamu, tikangokhota, mikango ili m'mbali mwa msewu ikudya nyumbu. Tinangoyenda pang'ono, amalume n'kuponda buleki. Pafupi ndi msewu panali chulu chachikulu, ngumbi zikutuluka ngati utsi.

"Amalume, tiyeni, mikango ichoka," ndinatero.

"Hayikona, mphwanga. Mkango uliponso mawa. Izi zikatuluka lero, zatuluka."

Anazimitsa injini, anatsegula mawindo onse, n'kuyatsa kagetsi ka m'kati. ANabanda anakhuthulira mpunga wotsala m'pepala kuti kontena ipeze ntchito, nayala chitenje pamiyendo. Lamulo sanaliphwanye ayi, phazi lawo silinaponde pansi: amalume ankangokokolola ndi chipewa mkono uli kunja, ngumbi zikulowa m'makutu, m'malaya, ngakhale m'kamwa mwanga pamene ndinkakalipa. Kumbuyo kwathu magalimoto anayamba kundanda, anthu atalozetsa makamera aataliatali pachulu poganiza kuti taona kambuku. Mayi wina anafunsa kuti chili pati, amalume anamuonetsa chipewa chodzaza mwaulemu wonse, mayiyo n'kukweza windo lake pang'onopang'ono. Ine ndinamira pampando ndi manyazi, ndikumenya chitseko ndi chidendene.

Pofika kudamu dzuwa linali litafiira. Ndinangoona udzu wopondedwa ndi miimba itatera mumtengo, mlonda wa nkhalango akubweza aliyense kuti athamangire geti. Ndinalira njira yonse, osati kulira kwachisoni koma kwaukali, aNabanda akundiuza kuti ndigwire bwino kontena ingatayike.

Lolemba Kagiso anatambasula dzanja kuti aone chithunzi, ine ndinamupatsa nkhonya, ndipo ndinabwerera kunyumba mlomo uli wotupa. Kuyambira pamenepo anandipatsa dzina lakuti Tau, lomwe ndi mkango m'Chitswana, ndipo ena amandiitanabe choncho pamzere wa matakisi.

Koma dzulo lake, Lamulungu, atachoka kutchalitchi, amalume anali ataitana machona anzawo. Madala amene anathera moyo wawo pansi pa nthaka ya eni anakhala mozungulira mbale imodzi ya ngumbi zokazinga ndi mchere, akutola imodziimodzi. Mmodzi wa iwo, wochokera ku Dedza, ananyambita zala n'kunena kuti anazilawa komaliza mayi ake ali moyo. Amalume ankafotokoza za ulendowo mpaka imfa yawo, ndipo mikango sankaitchula n'komwe.

Madala aja ambiri anapita, ena kumanda, ena kumudzi. Ine ndakula, nkhalango ija ili pomwepo, mkango sindinauonebe, ndipo sindinawakhululukire amalume. Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti tsiku lija ndinalumbira kuti ngumbi zimenezo sindizilawa, mdala wa ku Dedza uja n'kundiyandikizira mbale. Zinali zokoma.