Thanga Limene Anandisankhira a Tcheyamani

Ndikukumbukira mchenga wa kwathu, kumwera kwa Dwangwa, mmene unkawotchera mapazi masana, mpaka mwana umathamanga ngati waba kanthu. Ine ndiye ndinkathamanga kawiri, chifukwa nthawi zambiri ndinkakhala nditabadi. Sukulu ndinalekera panjira. Aphunzitsi ndi ine tinagwirizana bwinobwino kuti tisamavutitsane. Ndiye mukaona zolemba zangazi zikupendama, musadabwe, ndi mafunde.

Bambo anga tinkawatcha Ada, monga amachitira kwawo kumpoto. Anabwera ali mnyamata kudzapha nsomba, anakwatira amayi, basi n'kukhazikika. Koma ngakhale imvi zinawamerera pagombe pomwepo, pakabuka nkhani anthu ankati "uja wakumpoto uja". Ntchito yawo inali yosoka maukonde ndi matanga a mabwato akuluakulu. Dzanja lawo linali lodziwika mpaka ku Bua: pamene asoka Ada, nsalu inkang'ambika pena, osati pamsoko.

Chapafupi ndi ife panali kanyumba ka mzungu wina wogwira ntchito ku minda ya nzimbe. Ankabwera Loweruka. Tinkamutcha Bwana Nkhanu, chifukwa akakhala padzuwa ankafiira ngati nkhanu ya mumphika. Iyeyu ndiye anabwera ndi chinthu chimene sitinachionepo: thabwa loyandama lokhala ndi mlongoti ndi thanga. Munthu ankaimirirapo chilili, atagwira chitsulo chopindika ngati uta, mphepo n'kumamuthamangitsa pamadzi. Asodzi anaseka. Anati bwato lanji lopanda poika nsomba.

Ine sindinaseke. Ndinadikira tsiku lina atakhuta n'kugona pakhonde, ndinakokera thabwalo m'madzi. Ndinagwa kangati sindikudziwa, koma nyanja ndinaimwa yokwanira kuthirira dimba. Pamene ndinkavuuka komaliza, ndinapeza Bwana Nkhanu ataima m'madzi ofika m'mawondo, akuseka mpaka mimba kugwedezeka. Ndinayesa andimenya. M'malo mwake anandikweza pathabwa n'kundisonyeza poponda.

Anali ndi matabwa awiri ndi matanga atatu. Thabwa lina linali lotambalala ngati chitseko, lolemera, lokanda mawondo. Ukanatha kuvinapo malipenga osagwa. Linalo linali lowonda, losongoka ngati nsomba ya ncheni, loyera mbee, ndipo ukangoliponda molakwika linkakutaya ngati bulu wolusa. Matanga nawo anali kakang'ono kachikasu, lapakati lobiriwira, ndi chithanga choyera chimene mwini wake yemweyo ankachigwira akuluma mano. Lililonse linali ndi kazenera ka pulasitiki pakati, kuti uziona kumene ukupita.

Ine anandiyambitsa pachitseko ndi kachikasu kaja. Miyezi inapita. Ndinadziwa kudzutsa thanga m'madzi ndi chingwe, kupita kutali, kutembenuka, kubwerera pamene ndachokera. Anzanga amene ankandinena kuti ndine mbuli anayamba kundinyamulira mlongoti. Pamenepo mtima unayamba kulakalaka ncheni ija ndi chithanga chake. Bwana Nkhanu anakana. Anandinyamula m'khwapa ngati akuyesa kulemera kwa mbuzi pamsika, anapukusa mutu, n'kundiuza m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti munthu sasintha ziwiri nthawi imodzi. Ukakulitsa thanga, khala pathabwa lako lomwelo. Ukachepetsa thabwa, sunga thanga limene manja ako alizolowera. Ndipo usanasankhe chilichonse, yang'ana kaye mphepo ya tsikulo ndi thupi lako. Anati akadzabwerako kutchuthi kwawo ndidzayamba lobiriwira lija, pachitseko pomwepo. Kiyi wa mosungira katundu anasiyira Ada, chifukwa anamusokerapo thanga litang'ambika, n'kunyamuka ulendo wa kwawo.

Munali m'nyengo yozizira, mwera utayamba kuwomba. Ndiye kunamveka kuti kukubwera mlendo wamkulu wa chipani kudzachititsa msonkhano pagombe pathu. Inu anzanga a imvi simufuna kufotokozeredwa. Koma kwa ana amene mukuwerenga mobisalira: chipani chinali chimodzi, ndipo nkhope ya mwini dziko inali ponseponse, pakhoma la sitolo, pachifuwa cha mphunzitsi, pansalu zimene amayi athu ankavala povina. Nkhopeyo sunkaiseka, sunkailoza chala. Mayi povala ankatembenuka kangapo kufunsa anzake ngati siinagwere kumalo okhalira.

A Tcheyamani a chipani m'dera lathu anali wogula nsomba, munthu wamfupi wa mawu aakulu. Midzi ina inali ndi magule otchuka, ndipo iwo ankafuna chinthu choti mlendoyo akachikambe ku likulu. Anali atandionapo ndikuyenda pamadzi. Anafika kwathu m'mawa wina ndi anyamata awiri a malaya ofiira, nsalu yatsopano ya chipani ili m'khwapa, n'kuuza Ada kuti akatsegule kwa mzungu. Anati akufuna mwini dziko aoneke akuyenda panyanja yake.

Anayang'ana chitseko changa chija, n'kuchigogoda ndi nsapato.

"Ichi ayi. Mlendo aziti tamutulutsira chitseko cha kuchimbudzi."

Analoza ncheni. Kenako anayala nsalu pakathanga kachikasu, inasefukira mbali zonse. Anaiyala palobiriwira, ngodya inatsalira kunja, moti khutu la mwini dziko likanafunika kupinda. Pachithanga choyera inakwana yonse, malo n'kutsala.

"Eya. Musokere apa."

Ada anavula chipewa. "Pepani a Tcheyamani, mwanayu thanga ilo sanaligwirepo, ngakhale thabwalo. Bwanji nsaluyo tiimangire pamtengo kumtunda, iye ayende ndi kakang'onoka?"

"Mwati kakang'ono?" A Tcheyamani anatembenukira anyamata aja. "Mwamva? Akuti mwini dziko kamukwanira kakang'ono."

"Sindinatero, bambo."

"Inu akumpoto mumadziwa zonse. Kapena tidule khutu kuti akwane pamene mwafuna inuyo?"

Ine, pokhala wapakamwa chibadwire, ndinati thanga limagwa m'madzi, ndi khalidwe lake, ngakhale la Bwana Nkhanu limagwa. A Tcheyamani anandigwira tsaya ngati akundisisita, koma ndi zikhadabo.

"Ili silidzagwa, mphwanga. Ukudziwa amene ali pamenepa?"

Umu ndi mmene thanga langa linasankhidwira. Palibe anayang'ana mphepo, palibe anandinyamula m'khwapa. Anayeza nsalu.

Ada anasoka atakhala pansi pa mtengo wa mango, thanga atayala pamphasa, manja atasamba ndi sopo ngati akupita ku mgonero. Amayi anawanong'oneza kuti angonena kuti mwana wadwala malungo. Ada anati, "Adzabwera kudzamugwira pachipumi, ndiye tidzakhala takana." Anapitiriza kusoka. Ndinaona kazenera ka pulasitiki kaja kakuphimbika pang'onopang'ono, mpaka pamene pankaonekera nyanja panatsala chibwano cha mwini dziko. Atamaliza, anyamata a malaya ofiira ananyamula thangalo kukalisunga kwa a Tcheyamani kuti lisade ndi fumbi. Ndinapempha kuliyesako kamodzi kokha. Anati ndikufuna kunyowetsa nsalu tsiku lisanafike. Ndiye masiku otsalawo ndinalimbana ndi ncheni ija ndi kachikasu kanga, ndipo ndinali nditangoyamba kuimapo osagwa pamene tsikulo linakwana.

Kunacha ndi mwera weniweni, uja wobweza asodzi kumtunda. Madzi anali akuda, mafunde ali ndi thovu pamutu. Gombe analisesa, thandala zoyanikira usipa anazichotsa, komabe fungo silinamvere lamulo. Amayi anavina ataima mzere, onse m'nsalu imodzimodziyo, ng'oma zikugunda mpaka m'mimba. Mlendo anakhala pampando wa khushoni pansi pa chisakasa, atavala jekete yakuda ndi magalasi a dzuwa. A Tcheyamani analankhula mpaka mawu kusasa, kenako anakweza dzanja.

Ada anandigwirira thabwa m'madzi ofika m'chiuno. Mlongoti anauimika okha kuti nsalu isakhudze madzi, n'kundipatsa uta m'manja. Anangoti, "Usapite kutali." Anasiya thabwa.

Ndisakunamizeni, poyamba zinakoma. Mphepo inadzaza chithangacho, thabwa linadzuka mphuno n'kuyamba kulira pansi pa mapazi ngati nsalu ikung'ambika. Sindinayambe ndathamangapo chotero. Kumbuyo ndinamva nthungululu. Kutsogolo sindinkaona kanthu, koma ndinkamva kuti ndine mbalame. Manja okha ndiwo ankadziwa zoona, chifukwa thangalo linkandikoka ngati ng'ombe yokana goli, ndipo thupi langa lonse linali lopepuka ngati mtolo wa bango.

Munthu ukapita uyenera kubwerera. Potembenuka umazungulira mlongoti, ndipo pachitseko changa panali malo oponda mapazi onse awiri. Pancheni panalibe. Ndinaponda, mphuno ya thabwa inamira, mphepo inabwera yamphamvu kuposa inzake, ndipo ndinangoona miyendo yanga ili kumwamba. Nditavuuka, thanga linali litagona pamadzi, nkhope ili pansi.

Ng'oma zinasiya imodziimodzi. Zimenezo ndinazimva bwino, ngakhale m'makutu munali madzi.

Ndinakwera n'kugwira chingwe. Nsalu ya thonje ikamwa madzi imalemera ngati mtembo, funsani amayi anu. Ndinakoka mpaka khungu la m'manja kusupuka. Thanga linadzuka pang'ono, nkhope inatuluka ikudontha, anthu anaiona, funde linamenya thabwa, ndipo ndinagwera pomwepo, mawondo onse awiri pamphuno ya mwini dziko. Ndinayesanso, ndinayesanso. Ikanakhala yosoka wina, nsaluyo ikanathothoka n'kupita ndi madzi, thanga n'kupepuka. Koma inali yosoka Ada. Mafunde anatikankhira kumtunda, ine ndi thabwa ndi zonse, mpaka thanga linadzakhuta mchenga ndi ndere pamaso penipeni pa chisakasa.

Woyamba kulankhula anali a Tcheyamani. Sanayang'ane ine, anayang'ana mlendo.

"Ndinawakayikira anthu amenewa, bwana. Anayamba n'kunena kuti mwini dziko ndi wamng'ono. Anyamatawa anamva."

Anyamata aja anagwedeza mitu. Mmodzi anali atandigwira kale dzanja. Ada anatuluka m'madzi, kabudula akudontha, n'kuima pakati pa ine ndi iye.

"Wasoka ndine," anatero. "Mwanayu amangopita kumene kwapita mphepo."

Mlendo sanavule ngakhale magalasi. Ananena kanthu kwa munthu wa pambali pake, ndipo Ada anawakweza kumbuyo kwa galimoto, osavala malaya. Ng'oma zinayambanso. Amayi anga anali mumzere wa ovina, ndipo anavina mpaka msonkhano kutha, chifukwa wosiya akanaoneka.

Kumene anawapititsa sitinauzidwe, ndipo pamudzi panalibe wofunsa. Mwera unatha, dzinja linabwera, mpunga unabzalidwa n'kukololedwa. Anthu amene ankabweretsa maukonde kwathu anayamba kulambalala nyumba yathu ngati muli nthomba. Bwana Nkhanu atabwera kutchuthi n'kumva nkhaniyo, anafiira popanda dzuwa. Anamangirira matabwa onse awiri pamwamba pa galimoto, anandiuza kuti pepani, n'kupita. Sanabwerenso. Thanga lobiriwira lija, limene linali langa lenileni, sindinaligwire ngakhale tsiku limodzi.

Ada anabwera okha, wapansi, tsiku lina masana, atametedwa mpala. Sanasimbe kalikonse, mpaka kumanda. Tsiku lotsatira anatenga singano yawo n'kukhala pansi pa mango paja. Ndinawaona akulasa ulusi pabowo la singano, ukuphonya, akulasanso, ukuphonyanso. Anaika singanoyo pamphasa mwaulemu, n'kumayang'ana nyanja. Kuyambira pamenepo ankangothandiza kukoka maukonde a anthu ena.

A Tcheyamani, ngati mukufuna kudziwa, anakhala ndi moyo wautali. Zipani zitachuluka anasintha malaya, anasinthanso, ndipo pamaliro awo panali nsalu za mitundu yonse, aliyense akuti anali wathu.

Masiku ano kumalo ogona alendo kuno matabwa onga aja aliko, opepuka, a mitundumitundu. Ndimakhala pamchenga kuonerera mnyamata amene amaphunzitsa alendo. Amamuyang'ana munthu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amayang'ana nyanja, amamufunsa kuti wakwerapo kangati, ndiyeno amamusankhira. Mzimayi wamkulu amamupatsa kathanga ka mwana, ndipo palibe amene amati wanyozedwa. Amandifunsa kuti agogo, simukufuna kuyesa? Ndimati langa ndi lobiriwira, likadzabwera mudzandiitane. Amayesa ndi ukalamba.

Nsalu za nkhope nazo sizinathe, zinangochuluka. Akabwera ofuna mavoti amagawa, ife timalandira zonse. Tikuyanikirapo usipa, tikusefera thobwa, tikutsekera pazenera losweka. Dzana mpongozi wanga anabereka khanda m'nsalu yoteroyo, ndipo kamdzukulu kanga kanamunyowetsa mtsogoleri wina kuyambira pachipumi mpaka pa tayi. Pabwalo ponse anaseka, ine ndiye ndinaseka kuposa onse, mpaka kutsokomola. Mpongozi anaichapa n'kuiyanika pamango paja, nkhope ili chadodolido, ikudontha. Palibe galimoto inabwera. Ndinakhala pamenepo ndikuiyang'ana mpaka inauma.