Mizere ya Makala Kuseri kwa Nyumba

Mng'ono wanga anali ndi zaka zinayi pamene mudzi wonse unagwirizana kuti ndi mwana wamwano. Ukamutuma kukatenga chipande m'nyumba, ankangoima pakhomo n'kuyamba kulira. Ankagunda mitsuko, kuponda anapiye, kukana kupita kuseri yekha. Ine mkulu wake ndinamupatsa makofi ambirimbiri, ndipo sindibisa, ndinkaona ngati ndikumulera.

Amalume, amene ankakhala kutsidya kwa malire ku Rodeshiya, atabwera kudzacheza anagamula kuti amutenga akamuwongole kwawo. Kwathu mawu a amalume sabwezedwa. Amayi anagwada n'kupempha mwezi umodzi wokha.

Amayi sanapondepo m'kalasi. Koma m'mawa mwake anatenga khala n'kugawa khoma la kuseri kwa nyumba patatu: m'mawa, masana, madzulo. Tsiku lililonse linali ndi mzere wake, kutsika nalo pansi. Mwana akalira kapena kugunda chinthu, iwo sankakalipa. Ankasiya mtedza umene akuswa n'kukalemba kachizindikiro pamalo pake. Anatiletsanso tonse kumumenya. Ine zinkandinyansa. Mwana akuswa mbale, munthu wamkulu n'kumajambula pakhoma?

Patatha milungu itatu anandiitana. "Iwe wa kusukulu, tabwera undionere apa."

Mbali ya m'mawa inali ndi zizindikiro ziwiri. Ya masana chimodzi, tsiku limene linthumbu linamuluma. Mbali ya madzulo inali bii. Kenaka anaika chala pa masiku angapo apakati amene analibe kanthu.

"Masiku awa mwezi unkawala dzuwa likangolowa," anatero amayi.

Ine ndinkadziwa zilembo zonse ndi katekisimu yemwe, koma chimene mayi uyu anawerenga pakhoma lake lamatope sindikanachiona mpaka kukalamba.

Madzulo a tsikulo, dzuwa litangolowa, kwa ife kukuonekabe bwinobwino, amayi anakaima chete kutsogolo kwa mwanayo, mapazi atatu okha, atanyamula mbatata yootcha. Iye anayang'ana komweko, maso ali tong'o, n'kuitana, "Amayi, muli kuti?"

Amayi anangokhala pansi pomwepo. Amene ndinalira ndi ine. Mwana ankaopa mdima umene ife sitinkauona, ndipo ine ndinkamumenyera zimenezo.

Kutacha amayi anamubereka ulendo wa kuchipatala cha mishoni, ine pambuyo ndi kamba wa panjira. Asisitere anati matendawa amawadziwa, amagwira mwana amene thupi lake likusowa zakudya zina, ndipo maso amayamba kulephera kukamada. Anapereka botolo la mafuta a nsomba onunkha koopsa, supuni imodzi pa tsiku, n'kuwauza amayi kuti asamamumane mapapaya ndi nkhwani. Mwanayo ankamwa amayi atamutsina mphuno, ine ndikumugwira manja.

Mwezi uja unatha, wina n'kulowa. Tsiku lina chakumadzulo, nkhuku zitalowa kale m'khola, tinali pabwalo tikutola mtedza wotsala pamphasa. Mng'ono wanga anaimirira n'kuloza kunjira ya kudambo.

"Amalume akubwera uko, akukankha njinga."

Ine ndinayang'anitsitsa, ndipo ndinawazindikira pambuyo pake. Analidi iwo, atamangirira kabulangete pakaliyala kuti mwana akhalepo. Anagona masiku awiri, n'kubwerera okha.