Kaboo pa Thanki ya Abiti Dzimbiri

Ndikukumbukira chaka chimene mafuta anasowa m'dziko muno, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Kwathu kunali galimoto, komatu musaganize patali. Inali pikiapu yakalekale, chitseko chomangira waya, geji ya mafuta yakufa. Asodzi a ku Chiuta, amene ababa ankawanyamulira milamba yowamba, ndi amene anaipatsa dzina loti Abiti Dzimbiri. Ngakhale ankaiseka, m'mudzi mwathu monse, m'mbali mwa njanji yopita ku Nayuchi, mpunga, odwala, akwati ndi maliro zinkayendera momwemo.

Ine ndinali mwana wolota masana. Ababa akabwera ku ulendo ndinkakwawira pansi pa galimotoyo n'kugona chagada pamchenga wofunda, fungo la petulo ndi nsomba lili guu. Zitsulo zikamazizira zinkalira pang'onopang'ono, the, the, the, ndipo ine ndinkati Abiti Dzimbiri akundifotokozera kumene achokera. Ndinkawayankha ndithu. Amayi ankati mwana ameneyu mutu wake uli ndi mphepo.

Petulo chaka chimenecho ababa ankagula wa m'zigubu ku Nayuchi, wodutsa malire. Tsiku lina m'chipwirikiti cha kumeneko chivindikiro cha thanki chinatayika. Amayi anga ndi munthu wodziwa kumanga. Mtolo wa nkhuni akaumanga iwo, mpaka ufune mpeni. Anatenga pepala la pulasitiki la shuga, analipinda, anavindikira pakamwa pa thanki n'kukulunga ndi mphira yodula ku chubu cha njinga, kukoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. "Mafuta ovuta chonchi asamauluke ndi dzuwa," anatero. M'mawa uliwonse ankapita kukayesa mfundo ija ndi chala, ndipo ababa akamasula panjira ankamanganso molimba chimodzimodzi, poopa kukafunsidwa kunyumba.

Sipanapite nthawi, Abiti Dzimbiri anayamba kudwala. Ankadzuka bwinobwino, n'kuthamanga ngati namwali. Koma mukayenda kamtunda ndithu mphamvu zinkayamba kutha, makamaka pachitunda. Ababa ankati akaponda moto injini inkangolira mobanika, kenako kutsokomola, kenako zii. Ankatsika, kutsegula boneti, kugwiragwira mawaya, kumasula pathanki n'kupisamo kabango kuti aone ngati mafuta alimo. Akamanganso n'kuliza, galimoto inkanyamuka ngati sinadwalepo. Iwo ankati yapumula, injini yazizira.

Palibe chimene sanachite. Anatsuka mapulagi, anakuntha fumbi la mu fyuluta ya mpweya, anasintha fyuluta ya mafuta, kabuleta anaimasula n'kuyala tizitsulo take pamkeka wa amayi. Amakaniko a ku Liwonde, anthu odziwa ntchito yawo, anamvetsera n'kunena kuti mwina yangokalamba, pafunika kutsitsa injini yonse. Zimenezo kwathu zinali zosatheka. Asodzi nawo anatopa n'kufika pamsika dzuwa litapendeka, anayamba kukwera zina.

Ndiye kunabwera mawu aja amene ndinkawaopa kuposa njoka: ku Joni. Ababa anati agulitsa galimoto kwa bambo wina wa ku Balaka wogula zakutha, apeze yoyendera, akafune ntchito kumeneko. Ine ku Joni ndinkakudziwa bwino. Abambo a anzanga ankapita, chaka choyamba ankatumiza mabulangete, chaka chachiwiri ankasanduka mawu a pafoni, kenako nambala yosapezeka. Sindinkafuna bambo wa m'foni. Ndinkalira kuseri kwa nkhokwe, ndipo amayi, amene sankalira pamaso pa ana, anangowonjeza kulimbitsa mfundo zawo. Ngakhale thumba la mchere linkavuta kumasula.

Tsiku lokapereka galimoto ndinakakamira kuti ndipite nawo. Ndinakana kukhala kutsogolo. Ndinagona kumbuyo pamasaka opanda kanthu, chibwano ndatsamiritsa pampendero wa bodi, pamwamba penipeni pa thanki. Unali mwezi wotentha, mapiri a Machinga ali mbuu ndi utsi wa lupsa, ngati akuyandama. Mitengo ya mango inkadutsa, azimayi osenza mitolo ankatsalira m'fumbi, ndipo ine ndinali pakati pa tulo ndi maso, ndikuwanong'oneza Abiti Dzimbiri kuti chonde musatitaye. Kawiri konse tinaima, ababa n'kuchita mwambo wawo uja, ine osadzutsa n'komwe mutu.

Titawoloka Shire pa Liwonde n'kuyamba kukwera pakati pa milambe, maso anga anali pa pepala la shuga lija, poti panalibenso china choyang'ana. Ndinaona likulowa m'kati. Pang'onopang'ono linkaphwa, kuchita kadzenje, ngati tsaya la mwana amene akuyamwa malambe. Likulowa choncho, injini nayo inayamba kubanika, mpaka tinaima pansi pa mlambe wina waukulu.

Ababa atabwera kudzamasula mphira ndinaika dzanja pafupi. Panamveka fyuu, ndipo kamphepo kanadutsa pakati pa zala zanga kulowera m'thanki.

"Ababa, Abiti Dzimbiri amakhala atabanika. Mukamasula m'pamene amakoka mpweya."

"Iyayi Esitere, umenewo ndi mpweya wa petulo ukutuluka. Ndi umene amaukana amako uja."

"Sukutuluka, ukulowa. Pepalali limachita kuyamwidwa. Ndaliona ine."

Ndinkayembekeza kuti aseka, poti nkhani zanga za galimoto yolankhula anazizolowera. Sanaseke. Anakhala pa muzu wa mlambe, pepala lija lili m'manja, akuliyang'ana kadzenje kake nthawi yaitali. Kenako anayamba kulankhula motsitsa, ngati akudzifunsa okha. Injini yokalamba imafuka utsi ndipo imamwa oyilo, koma iyi sinkachita zimenezo. Injini yakutha siichira chifukwa choti mwaima pang'ono. Ndipo matendawa anayamba liti? Anawerenga m'mutu, n'kugwira pakamwa.

"Ukatsanula madzi m'chigubu chopanda polowera mpweya, amatani?" anandifunsa.

"Amakana kutuluka, chigubu n'kuphwa."

"Basitu. Chivindikiro chinatayika chija chinali ndi kaboo kake. Pampu ikukoka mafuta, koma thanki ikukaniza. Miyezi yonseyi ine ndimafuna matenda kumutu, chikhalirecho ali kuno."

Anathyola munga wa mthethe, anaboola pepala lija kaboo kamodzi kakang'ono, n'kumanganso. Tinanyamuka. Nthawi ino ndinakhala kutsogolo, ndikudikira kutsokomola kuja. Tinadutsa mtunda umene tikanaima, osatsokomola. Chitunda china chinabwera, ababa anaponda moto, Abiti Dzimbiri anakwera akuimba. Tinafika pa Balaka, tinadutsa pageti pa bambo wogula zakutha uja osaima, tinapitirira mpaka ku Nkaya kungofuna kutsimikiza, msewu wa fumbi, njanji ikung'anima pambali. Ndinaona ababa akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anati ndi fumbi.

Pobwerera anandigulira nzimbe, ndipo tikuyandikira kwathu anachepetsa liwiro.

"Amako usawauze za pepalali. Tikanena kuti munali kachitsotso mu paipi."

"Bwanji ababa? Si bodza limenelo?"

"Ndi bodza, ndipo ndilisenza ine. Iwo aja amamanga kuti atisungire mafuta. Akamva kuti mfundo yawo ikanandipititsa ku Joni, sadzagonanso tulo."

Amayi anamva kulira kwa injini tili kutali. Tinawapeza ataima pabwalo, lichero lili m'manja, mpunga ukutayikira nkhuku iwo osaona. Za kachitsotso anazimvetsera n'kugwedeza mutu. Ababa ku Joni sanapite, chaka chimenecho ngakhale china chilichonse. Anandiona ndikukula, ndipo anamwalira ali pakhomo pawo, ife tonse tili pambali.

Chinsinsi chija ndinachisunga mpaka ndinakula, ndikudziona ngati munthu wofunika kwambiri. Chaka chatha ndinapita kumudzi. Abiti Dzimbiri alipobe kuseri kwa nyumba, matayala anaphwa, nkhuku zimaikira mazira pampando wa dalaivala. Ine ndi amayi tinakhala pamthunzi wake tikusenda chinangwa, ndipo ndinaganiza kuti nthawi yakwana. Ndisanafike n'pakati pomwe, iwo anaseka.

"Iwe, ukuyesa sindinkadziwa? M'mawa mwake ndinapita kukayesa mfundo yanga, ndinapeza kaboo. Pepala lopinda ine, ndingalephere kuona kuti laboola munthu? Pomwepo ndinazindikira kuti matenda aja inali mfundo yanga."

"Nanga osanena bwanji zaka zonsezi?"

"Abambo ako anavutikira kundibisira. Ndikanawalanda bwanji zimenezo?"

Apo m'pamene ndinakumbukira chinthu chimene ndili mwana sindinachilabadire. Kuyambira masiku amenewo thumba la mchere linasiya kuvuta kumasula. Ndipo nditasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, kutali, abale ena akuti mwana wamkazi asachoke pakhomo, amayi ndi amene anandimangira katundu, n'kundikweza okha mu Abiti Dzimbiri.

Ndili mwana ndinkayesa kuti phunziro la tsiku lija linali la galimoto, loti usathamangire kutsitsa injini usanafunse kuti matenda anayamba liti ndipo chinasintha n'chiyani. Limenelo ndimaligwiritsabe ntchito. Koma tsopano ndili ndi kamwana kanga, ndipo manja angawa ndi a amayi, amafuna kumanga chilichonse mpaka mitsempha kuoneka. Ndimachita mantha, ndipo ndikachita mantha ndimakoka mphira. Zikatero ndimakumbukira pepala la shuga likuphwa pansi pa mlambe uja, ababa atatsala pang'ono kutichokera chifukwa cha mfundo yomangidwa ndi chikondi. Ndimamangabe, poti kumanga sindingasiye. Koma ndimasiya kaboo.